MANDA A CAKA CA FULUWENZA KU KABWE

MUNTHU wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa kumpoto amayenda makilomita pafupifupi 140 asanafike mu mzinda wa Kabwe, likulu la cigawo ca pakati. Amapyola mapulazi a ku Chisamba ndi boma la Chibombo, ndipo pomalizira pace amaona mulu wakuda wa zotsalira za mgodi, njanji zambirimbiri, ndi mkuyu waukulu uja woima pakati pa tauni, umene anthu a paulendo anali kupumulira pansi pace kale-kale. Alendo ambiri amaima pamenepo, nagula cakudya, napitiriza ulendo wao wa ku Kapiri Mposhi ndi ku Migodi. Ndi owerengeka okha amene amafunsa njira ya kumanda.

Nzika za mzindawu zimadziwa bwino njira ya ku manda a St Mary's, pakuti ndi ocepa mabanja amene sanaperekezeko mbale wao. Koma wopita ku maliro amayang'ana dzenje limodzi lokha, la tsiku limenelo. Akatha mwambo amasamba m'manja nabwerera kwao, osaganiza kuti nthaka ya Kabwe inalandirapo maliro oculuka m'masabata owerengeka, pa nthawi imene olira ndi okumba manda anali kudwala pamodzi. Nthawi imeneyo ndi miyezi yotsiriza ya caka ca 1918, cimene makolo anacicha caka ca fuluwenza.

BROKEN HILL WA MASIKU AJA

Dzina lakuti Kabwe linabwezedwa mu 1966. Kufikira caka cimeneco malowa anali kuchedwa Broken Hill, dzina limene T. G. Davey anapereka mu 1902 pamene anaona miyala ya mtovu ndi zinki m'timapiri ta m'dziko la Alenje, nakumbukira mgodi wa dzina lomwelo wa ku Australia. Njanji inaoloka Zambezi pa mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905, nifika pa Broken Hill mu 1906, ndipo mu 1910 inali italowa m'Katanga kufikira ku Elisabethville, mzinda umene lero ndi Lubumbashi. Dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, imene inalamulira kufikira 1924, ndipo likulu la boma linali ku Livingstone.

Pamene nkhondo yaikulu ya 1914 inabuka, mtovu unakwera mtengo cifukwa unali kufunika popanga zipolopolo. Ng'anjo za pa Broken Hill zinayaka usana ndi usiku. Amuna anadza kudzafuna ndalama ya msonkho kucokera kumbali zonse: Alenje, Aswaka ndi Alala a pafupi, Abemba a kumpoto, Ansenga a ku Petauke, Angoni ndi Acewa a ku Fort Jameson, ndi ena a ku Nyasaland. Ambiri a iwo anadza pansi, ulendo wa masabata, nasiya akazi ndi ana kumudzi. Anali kugona mothithikana m'makomboni, nadya phoso la ufa ndi nyemba locokera ku sitolo ya kampani.

Panalinso gulu lina lalikulu, la amtengatenga. Nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Ajeremani inali kumenyedwa ku malire a kumpoto, ku Abercorn ndi ku Fife, kutali ndi njanji. Cakudya ca asilikari, nsalu ndi zida zinali kutsitsidwa pa Broken Hill ndi pa masiteshoni ena a kumpoto kwace, ndipo zambiri zinali kuyenda pamitu ya anthu kudzera ku Serenje ndi Mpika kufikira ku Kasama. Motero Broken Hill anali ngati mphambano, pamene njanji ya kumwera inakumana ndi njira za miyendo zolowa m'midzi ya kutali. Mphambano imeneyi inabweretsa nchito ndi malonda, koma inalinso khomo lotsegukira cina ciri conse cokwera sitima.

MLIRI UNADZA PA NJANJI

Akulu anati cakudza siciyimba ng'oma. Pa 15 Ogasiti 1918 combo ca nkhondo cochedwa HMS Mantua cinakoceza pa doko la Freetown ku Sierra Leone ciri ndi amalinyero odwala. M'mwezi wa Seputembala zombo zina ziwiri, Jaroslav ndi Veronej, zinaima pa doko lomwelo pa ulendo wao wa ku Cape Town. Zinanyamula amuna akuda oposa 2,000 a ku South Africa amene anali kubwerera kucokera ku nchito ya nkhondo ku France. Atatsika ku Cape Town anasungidwa masiku ocepa cabe, kenaka anakwezedwa masitima a pamtunda kuti apite kwao.

Kucokera pamenepo matendawa anayenda pa liwiro la sitima. Ku Kimberley, mzinda wa migodi ya daimondi, anthu oposa 4,000 anafa. M'dziko lonse la South Africa akatswiri a mbiri amawerengera anthu pafupifupi 300,000 m'masabata 6 okha. M'mwezi wa Okutobala mliri unali utafika ku Bulawayo ndi ku mgodi wa malasha wa Wankie, ndipo mwezi womwewo unaoloka Zambezi, nulowa m'Livingstone, nukwera ndi njanji kudzera ku Kafue ndi Broken Hill kunka ku Katanga.

Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loopsa m'cigawo ca pakati. Maudzu amakhala atapserera, zitsime zitacepa madzi, ndipo alimi amakhala akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba. Palibe amene akadayembekezera cimfine pa nyengo yotere, pakuti cimfine cimadziwika ndi mphepo ya Juni. Koma ici sicinali cimfine ca masiku onse.

Dzina lakuti cimfine ca ku Spain linali losokeretsa. Matendawa sanayambire ku Spain. Maiko amene anali pa nkhondo analetsa manyuzipepala ao kulemba za asilikari odwala, koma Spain sanali pa nkhondo, ndipo pamene mfumu yace Alfonso XIII inadwala mu Meyi 1918 nkhani inamveka pa dziko lonse. Anthu a kuno sanavutike ndi zimenezo. Anangomva liu la acizungu, nalipinda pa lilime lao, nati fuluwenza.

MATENDA OSANKHA AMPHAMVU

Munthu anali kudzuka bwino m'mawa, koma pofika madzulo mutu unali kuwawa, thupi lonse kuphwanya ndi kutentha ngati moto. Ena anali kukha mwazi m'mphuno. Ambiri anacira patapita masiku atatu kapena anai, koma mwa ena matenda anatsikira m'cifuwa nasanduka cibayo. Mapapo anadzala madzi, milomo ndi zikhadabo zinada, ndipo wodwala anafa ngati munthu womira ali pa mphasa yace.

Cimene cinazunguza anthu koposa ndi cakuti mliriwu unakonda anyamata ndi atsikana a zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndiponso amai apakati. Cimfine ca masiku onse cimatenga makanda ndi nkhalamba, koma ici cinatenga a misinkhu yogwira khasu ndi nyundo. Pa malo ngati Broken Hill, pamene unyinji wa anthu unali amuna a msinkhu womwewo ogona ambiri m'cipinda cimodzi, moto unapeza udzu wouma.

Madokotala a nthawi imeneyo analibe cida. Kacirombo ka fuluwenza wa anthu kanadzapezeka mu 1933 ku London. Mankhwala a penisilini, amene akadaciritsa cibayo ca ambiri, anayamba kugwiritsidwa nchito m'zaka za m'ma 1940. Mu 1918 munali kwinini, asipirini ndi mcere wotsegula m'mimba, ndipo ngakhale zimenezi zinali zosakwanira. Cimene cinapulumutsa odwala ambiri cinali munthu wowapatsa madzi, phala ndi copfunda. Mchona wa m'komboni, wopanda mkazi kapena mai pafupi, ndiye anali wosowa munthu wotere.

M'migodi ya ku Southern Rhodesia anchito ambiri anathawa poona anzao akugwa, nayamba ulendo wa kwao. Ena anafera m'njira, ndipo ena anafika kumudzi ali ndi matenda m'cifuwa. Boma linayesa kuletsa maulendo ndi misonkhano, koma njira za m'thengo zinali zambiri kuposa amesenjala. M'midzi mliri unafika pa nthawi yobzala, kotero kuti minda yambiri inakhala yosalimidwa, ndipo pambuyo pa maliro panatsata njala.

Nkhondo nayo inali isanazime. Mkulu wa asilikari a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, analowa m'dziko lino nalanda Kasama mu Novembala. Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala, koma iye anauzidwa mau otsimikiza pa 14 Novembala pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakapereka zida zace ku Abercorn pa 25 Novembala. Asilikari ndi amtengatenga atamasulidwa anabalalika kunka kwao, ndipo fuluwenza inayenda nao. Pa dziko lonse lapansi mliriwu unapha anthu osacepera 50 miliyoni, kuposa onse amene nkhondo ya zaka zinai inapha.

MIYALA YA OCEPA, DOTHI LA AMBIRI

Woyenda m'manda akale a m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, kuyambira ku Kimberley kudza ku Bulawayo kufikira kuno kumpoto, ali ndi njira imodzi yozindikirira maliro a fuluwenza. Ayenera kuwerenga masiku ndi zaka. Akaona miyala yoyandikana yolembedwa Okutobala, Novembala kapena Disembala 1918, ndipo eni ace ali anthu a zaka 25 kapena 30, adziwe kuti waponda pa mzere wa mliri, ngakhale mwalawo usachule dzina la nthenda.

Koma miyala imanena mbali imodzi yokha ya nkhani. M'masiku a utsamunda tsankho silinali kuthera pa khomo la sitolo kapena la cipatala. Linali kufika ndi kumanda komwe. Azungu anali ndi malo ao, ochingidwa ndi mpanda, olembedwa m'buku, ndipo abale ao anali kuitanitsa miyala yosemedwa kucokera kumwera. Anthu akuda anali kuikidwa kwina, m'bulangeti kapena m'mphasa, ndipo cizindikiro cao cinali mtumbira wa dothi, mtengo wozika, kapena mbale ndi kapu zimene mwini anali kudyera. Ciswe cinadya mitengo, mvula inasalaza mitumbira, ndipo moto wa m'cirimwe unamaliza zotsala.

Zolembedwa nazo zinatsata njira yomweyo. Imfa ya mzungu inali kulembedwa mwa lamulo, koma lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa ya nzika iri yonse linadza mu 1973, ufulu utapezeka kale. Kampani inali kudziwa wanchito ndi nambala ya tikiti yace. Boma linali kumdziwa m'buku la msonkho la mudzi wace, ndipo akafa, dzina linali kungodulidwa ndi mzere.

Motero mlendo woyendayenda m'Kabwe wa lero, ku Bwacha, ku Chowa, ku Kasanda, ku Katondo kapena ku Makululu, amayenda mu mzinda umene unakula kwambiri kuposa kamsasa ka 1918. Nyumba, misika ndi minda ya cimanga zinafalikira pa malo amene kale anali thengo. Mgodi umene unaitana anthuwo unatsekedwa mu 1994. Mkuyu wa pakati pa tauni ukali ciimire ndipo uli ndi citetezo ca boma. Koma amuna amene anakumba mtovu m'caka ca fuluwenza, nafera pa nchitoyo, agona pansi pa nthaka imene ana a sukulu amaiponda osadziwa.

AMENE ANACHEDWA MACHONA

Kwa Acewa, Ansenga ndi Angoni maliro ali ndi dongosolo lace. Uthenga umapita kwa mfumu ndi kwa eni mbumba. Adzukulu amakumba manda nanyamula mtembo. Anamfedwa amagona pa siwa, ndipo patapita masiku amameta, kenaka m'tsogolo amaphika mowa wa cikumbutso kuti mzimu ugone. Munthu amaikidwa pakati pa makolo ace, m'msitu umene mudzi wonse umaudziwa ndi kuulemekeza. Maliro nkulirana.

Wofera ku Broken Hill mu 1918 sanalandire ciri conse ca izi. Kunalibe mdzukulu, pakuti oyenera kukumba anali gone nao. Kunalibe kalata, pakuti womlembera anali atafa kapena atathawa. Kumudzi mkazi anadikira mvula imodzi, iwiri, itatu. Pomalizira abale anagwedeza mitu nati munthu uja anachona, anapeza mkazi wina ku Walale, anaiwala kwao. Ana anakula ndi manyazi a atate otaya banja. M'mabanja ambiri a kum'mawa muli dzina la gogo wina amene anapita ku nchito osabwerera, ndipo pakati pa maina amenewo pali a anthu amene sanataye banja konse. Anadwala masiku atatu nafa, ali ndi nsalu ya mkazi wao m'bokosi.

Pa nkhani imeneyi mbiri ya Kabwe iri ndi cinthu codabwitsa. Pa 17 Juni 1921, zaka zosakwana zitatu mliri utapita, anchito a mu mgodi womwewo anafukula cigaza ca munthu wakale-kale. Cigazaco cinatumizidwa ku London, kumene cisungidwa ku Natural History Museum, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe. Akatswiri anapima mu 2020 napeza kuti ciri ndi zaka pafupifupi 300,000. Mabuku amachula Tom Zwigelaar, mzungu wa ku Switzerland amene anali kuyang'anira nchito pamalopo, koma wanchito wakuda amene anali naye sanalembedwe dzina. Munthu wa zaka 300,000 zapitazo adziwika m'masukulu a dziko lonse lapansi, pamene anthu a dzana, amene adzukulu ao akali moyo, sadziwika ngakhale pamene anagona.

ZIMENE ENA ANACITA

Ku Mbala kuli cipilala cokumbukira amuna 1,467 a dziko lino amene anafa pa nchito ya umtengatenga pa nkhondo ija. Ciwerengero cinalembedwa, koma maina ao palibe. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukidwe ndi maina ao monga anacitira ndi azungu, ndipo boma la Britain linapepesa. Mu Januwale 2025 ku Cape Town kunatsegulidwa malo a cikumbutso okhala ndi maina oposa 1,700 a anchito akuda a nkhondo imeneyo. Maina amenewo anapezeka m'mapepala akale.

Manda a fuluwenza anathandizanso amoyo. Ku Brevig Mission, kamudzi ka ku Alaska, anthu 72 mwa 80 anafa m'masiku asanu mu Novembala 1918, naikidwa m'dzenje limodzi m'nthaka yozizira imene siisungunuka. Mu 1997 dokotala wina, Johan Hultin, atapempha cilolezo kwa akulu a mudziwo, anatengako kacidutswa ka mapapo a mai mmodzi. Kacidutswako kanathandiza akatswiri kumaliza kuwerenga mpangidwe wa kacirombo ka 1918 m'caka ca 2005. Asanacoke, Hultin anapala mitanda iwiri yatsopano naiimika pa mandawo m'malo mwa yakale imene inaola. Zonsezi zinatheka cifukwa anthu a m'mudzimo sanaiwale pamene anaika abale ao.

NCHITO YOTSALIRA KABWE

Lamulo la National Heritage Conservation Commission la mu 1989 linaika pansi pa citetezo ca boma zinthu zakale zimene zinalipo lisanafike tsiku la 1 Januwale 1924, kuphatikizapo manda. Maliro a 1918 ali mkati mwa malire amenewo. Koma lamulo silingateteze malo amene sanalozedwe.

Poyambira palipo. Ku National Archives mu Lusaka kuli mabuku a maboma, m'mene ma DC anali kulemba zocitika za caka ndi caka. Ku Ndola kuli nkhokwe ya mapepala a makampani a migodi. Machalichi akale ali ndi mabuku a ubatizo ndi a maliro. Mapu akale a mgodi ndi a njanji angathe kuonetsa pamene panali makomboni oyamba ndi malo oikirako akufa. Mphunzitsi wa pa University of Zambia, Mwelwa Musambachime, analembapo kale za mliriwu m'dziko lino, ndipo ophunzira a pa Mulungushi University ndi Kwame Nkrumah University, masukulu amene ali pa khomo peni-peni pa Kabwe, angathe kupitiriza pamene iye analekeza. M'midzi ya Alenje ndi m'midzi ya kum'mawa mukali nkhalamba zimene zinamva nkhaniyi kwa agogo ao, ndipo caka ciri conse zikucepa.

Mutu umodzi susenza denga. Khonsolo ingathe kulambula manda akale ndi kuletsa omanga nyumba kulowerera. Mafumu angathe kufunsa m'midzi maina a amene anapita ku Broken Hill osabwerera. Machalichi ndi mabungwe a anchito a m'migodi ndi a njanji angathe kusankha tsiku limodzi m'mwezi wa Okutobala lopita kumanda ndi makasu. Pamene dzina lapezeka lilembedwe. Pamene silinapezeke, mwala umodzi ungathe kunena m'Cilenje, m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'Cingerezi kuti pano pagona anchito a caka ca fuluwenza.

Anthu a ku Kabwe safunikira wowafotokozera kuwawa kwa maliro a mliri. Matenda a Covid-19 analowa m'Zambia mu Marici 2020, napha anthu oposa 4,000. M'miyezi ya Juni ndi Julayi 2021 mabanja ambiri anaika abale ao mofulumira, anthu ocepa ataima patali, opanda kuona nkhope, opanda kugona pa siwa. Iwo ali ndi zikalata za imfa, zithunzi ndi ziliza, ndipo amadziwa mzere ndi nambala ya manda. Anthu a 1918 anafa imfa yofanana, koma sanasiyiridwe ngakhale cimodzi ca zimenezi.

Mvula ikayandikira, mabanja ena a mu mzindawu amapita kumanda kukalimira mitumbira ya abale ao ndi kukonza maluwa. Pobwerera amadutsa malo a udzu wautali amene alibe mwini, ndipo khasu likali m'manja.